Amayi pa Guwa: Mbiri ya ku Katete ndi Madera Oyandikana Nawo

Phunziro lathu la mbiri lero likutitengera ku Chigawo cha Kummawa, ku maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi. Tikamba za amayi amene amatumikira mu mpingo, makamaka iwo amene anadzozedwa kukhala abusa.

Lamulungu likudzali, mukalowa m'tchalitchi, mudzayang'ane bwino. Mudzawerenge amayi, mudzawerengenso abambo. M'midzi yambiri mudzapeza kuti mbali ya amayi ndiyo yodzaza. Ndiwo amasesa, ndiwo amayambitsa nyimbo, ndiwo amagona m'nyumba ya siwa pakagwa maliro. Koma mukafunsa agogo anu kuti pa ubwana wawo ankaimirira pa guwa ndani, adzakuuzani kuti nthawi zonse anali mwamuna. Lero m'mipingo ina mayi amalalikira, amabatiza, amadalitsa ukwati ndi kugawa Mgonero. Kodi kusintha kumeneku kunadza bwanji? Nanga mayi amene wafika pa udindo wotere amasowa chiyani kuti akhale ndi moyo wabwino ndi kukula mu utsogoleri wake? Mafunso athu ndi awiri amenewa.

Amishoni asanafike

Poyamba tiyenera kudziwa kuti pakati pa Achewa utsogoleri wa mayi pa zachipembedzo si chinthu chachilendo. Monga mudziwa, Mchewa amatsata mtundu wa kuchikazi. Mwana amakhala wa mbumba ya mayi wake, ndipo ufumu umachokera kwa malume kupita kwa mphwake. Mayi wa Kalonga ankatchedwa Nyangu, ndipo anali wolemekezeka kwambiri chifukwa mafumu ankabadwa mwa iye. Ana a ku Katete mumadziwa bwino zimenezi, pakuti ku Mkaika, kumene Kalonga Gawa Undi amalandira mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti, ndi kwanu komweko.

Pa nkhani ya mapemphero, makolo athu anali ndi kachisi wamkulu ku Msinja, m'dziko limene lero ndi Malawi. Woyang'anira kachisiyo anali mayi, ndipo dzina la udindo wake linali Makewana, kutanthauza mayi wa ana onse. Kukachita chilala, mafumu ankatumiza mphatso kwa iye kuti apemphe mvula kwa Chauta. Amuna analipo pa kachisipo ndi ntchito zawo, koma mawu omaliza pa za mvula anali a Makewana. M'midzi namonso munali anamkungwi, amayi odziwa mwambo amene ankalanga atsikana pa chinamwali. Nkhondo za m'zaka za m'ma 1800 zinasokoneza kachisi wa ku Msinja, koma anthu sanaiwale kuti mayi angathe kuimirira pakati pa mtundu ndi Mlengi wake.

Kufika kwa mishoni

Pa 5 Julayi 1899 abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State, ku South Africa, a P.J. Smit ndi a J.M. Hofmeyr, anayamba ntchito ku Magwero, pafupi ndi mzinda umene lero ndi Chipata. Mu 1903 mishoni inatsegulidwa ku Madzimoyo, ndipo mu 1905 ku Nyanje, m'boma limene tsopano ndi Sinda. Pambuyo pake ntchito inafika ku Katete, kumene mishoni yomweyo inamanga sukulu ya sekondale. Mipingo inanso inadza m'chigawochi. Akatolika anakhazikitsa mamishoni awo, monga ya ku Vubwi, ndipo a Anglican anatsegula chipatala cha St Francis ku Katete mu 1948.

Amishoni anabweretsa sukulu, mankhwala ndi Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'chinenero chathu mu 1922. Koma anabweretsanso mwambo wa kwawo, wakuti mbusa, mkulu wa mpingo ndi mtumiki ayenera kukhala mwamuna. Motero mayi wa Chichewa, amene kumudzi anali mwini mbumba, atalowa m'tchalitchi anapatsidwa malo omvetsera chabe.

Si amayi akuda okha amene anatsekeredwa khomo limeneli. Amayi a Chizungu a pa mishoni nawonso sankadzozedwa, ngakhale ankagwira ntchito yaikulu. Mu 1905 mayi Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa anthu osaona ku Magwero. Iwo atamwalira, mayi Ella Botes anapitiriza ntchitoyo kwa zaka zambiri, ndipo mu 1955 sukulu ya ana osamva inatsegulidwa komweko. Maphunziro a ana olumala m'dziko la Zambia anayambira m'manja mwa amayi amenewa. Komabe pa Lamulungu iwonso ankakhala pansi n'kumvetsera.

Mu 1929 a Justo Mwale anadzozedwa, nakhala mbusa woyamba wa kuno mu mpingo umenewu. Mu 1966 mpingo unalandira umwini, ndiye kuti unayamba kudzilamulira wokha, ndipo mu 1968 unatenga dzina lakuti Reformed Church in Zambia. Utsogoleri unachoka m'manja mwa Azungu kulowa m'manja mwa eni dziko, koma unali wa amuna okhaokha.

Sukulu yopanda makoma

Tsono amayi anachita chiyani m'zaka zonsezi? Sanapinde manja ayi. Anasonkhana m'bungwe lawo lotchedwa Chigwirizano cha Amayi, limene mumalidziwa ndi zovala zake zoyera ndi zakuda. Ku Malawi, mu mpingo wa ku Nkhoma umene ndi wachibale ndi wa Reformed, bungwe la dzina lomweli linayamba mu 1940. M'Chigwirizano mayi ankaphunzira kuwerenga Buku Lopatulika pamaso pa anzake, kupemphera mokweza, kutsogolera msonkhano, kusunga ndalama ndi kulemba mabuku. Amayiwa ankayendera odwala, ankatunga madzi ndi kutola nkhuni za nkhalamba, ankalimbikitsa ofedwa. Mpingo utaletsa chinamwali cha makolo, unaika m'malo mwake chilangizo, ndipo amayi achikhristu otchedwa alangizi anatenga ntchito imene kale inali ya anamkungwi.

Taonani bwino apa, ana inu. Kuyendera odwala, kutonthoza olira, kuphunzitsa Mawu ndi kuyanjanitsa okangana ndiyo ntchito yeniyeni ya ubusa. Amayi a ku Nyanje, a ku Katete ndi a m'midzi yozungulira anaigwira kwa zaka makumimakumi popanda dzina la udindo ndi popanda malipiro. Chigwirizano chinali ngati sukulu yopanda makoma imene inasula atsogoleri mpingo usanavomere kuti ndi atsogoleri.

Koma bungweli linali ndi malire ake. Mayi ankaloledwa kulalikira kwa amayi anzake, osati kwa mpingo wonse. Ku misonkhano kumene malamulo ankapangidwa kunkakhala amuna, ndipo ngakhale nkhani zokhudza amayi zinkagamulidwa eni ake palibe.

Khomo liyamba kutseguka

Kukana kudzoza amayi kunali ndi zifukwa zake, ndipo wophunzira mbiri ayenera kumva mbali zonse. Okana ankawerenga 1 Akorinto 14 ndi 1 Timoteo 2, pamene Paulo analemba za kukhala chete kwa akazi mu msonkhano. Ovomera ankawerenga Agalatiya 3, pamene Paulo yemweyo anaphunzitsa za umodzi wa amuna ndi akazi mwa Khristu, ndi Aroma 16, pamene anayamikira Febe ndi Priska monga antchito anzake. Ankakumbutsanso kuti Debora anaweruza Israyeli, ndi kuti uthenga wa kuuka kwa Yesu unayamba kumveka pakamwa pa amayi. Panalinso mantha ochokera ku miyambo ya kumudzi, monga ya mdulo, amene anachititsa ena kukayika kulandira Mgonero m'dzanja la mayi. Mpaka lero mipingo siinagwirizane. Mpingo wa Katolika sudzoza amayi kukhala ansembe, ngakhale masisitere ake amatsogolera masukulu ndi zipatala. Phunziro lino silikuweruza mpingo uliwonse. Likungolongosola zimene zinachitika.

M'dziko la Zambia khomo linayamba kutseguka mu mpingo wa United Church of Zambia, umene unapangidwa mu 1965. Mu 1968 mpingowu unadzoza mayi Peggy Hiscock, mmishoni wochokera ku Britain. Mu 1976 unadzoza mayi Violet Sampa-Bredt, amene anakhala mayi woyamba wa Chizambia kukhala mbusa mu mpingomo, ndipo pambuyo pake anakhala mlembi wamkulu wa bungwe la mipingo ya Chikhristu m'dziko muno. Mu 2010 abusa Peggy Mulambya Kabonde anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu wa United Church of Zambia, mayi woyamba pa udindowo.

Kwa mpingo wa Reformed, umene mizu yake ili Kummawa, ulendo unali wautali. Mu 1990 mpingo wa Dutch Reformed ku South Africa, umene unatumiza amishoni ku Magwero, unavomera kuti amayi akhale abusa. Ku Malawi mpingo wa CCAP unadzoza abusa Martha Mwale mu Sinodi ya Livingstonia mu 2000 ndi abusa Edna Navaya mu Sinodi ya Blantyre mu 2001. Nawo mpingo wa Reformed ku Zambia unakambirana nkhaniyi m'masinodi ake kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene unkakwanitsa zaka 100, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 amayi oyamba anali atadzozedwa. Amayiwa amaphunzira pamodzi ndi amuna ku Justo Mwale, sukulu ya ubusa imene inayambira ku Madzimoyo n'kusamukira ku Lusaka.

Tawerengerani nokha. Kuchokera mu 1899 kufika mu 1929 panapita zaka 30 kuti mwamuna wa kuno akhale mbusa. Kuchokera mu 1929 panapitanso zaka zoposa 70 kuti mlongo wake aimirire pa guwa lomwelo.

Kudzozedwa sikuthetsa zonse

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepa. Ayi ndithu. Tiyeni tipite kutali pang'ono, ku China, kuti tione chifukwa chake.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Akhristu a Anglican a ku Macau analibe wansembe, chifukwa amuna sankatha kufikako. Mayi wina dzina lake Florence Li Tim-Oi ankawasamalira. Pa 25 Januwale 1944 bishopu Ronald Hall wa ku Hong Kong anamudzoza, nakhala mayi woyamba kukhala wansembe mu mpingo wa Anglican pa dziko lonse. Nkhondo itatha, atsogoleri a mpingo m'maiko ena anatsutsa zimenezi. Pofuna kuti bishopu wake asavutike, mayiyu anabweza chilolezo chake chogwirira ntchito, ngakhale sanakane kudzozedwa kwake. Panapita zaka zambiri asanavomerezedwenso poyera. Anamwalira mu 1992 ku Canada.

Nkhani imeneyi itiphunzitsa kuti mwambo wodzoza umatha tsiku limodzi, koma ntchito imene imatsatira ndi ya moyo wonse, ndipo munthu sangaigwire ngati anzake amusiya yekha.

Tsopano tibwerere kwathu. Tiyerekeze mayi amene watumidwa ku mpingo wa kumudzi, m'boma la Sinda kapena la Katete. Mpingo wotere sukhala tchalitchi chimodzi chokha. Umakhala ndi nyumba zopempherera zambiri, zina zakutali, kumene mbusa amafika pa njinga, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje imadzaza. Maliro sapangana tsiku. Odwala ali kumudzi, ena ali ku St Francis kapena ku chipatala cha ku Nyanje, ndipo onse amayembekeza abusa. Thandizo la mbusa limachokera ku zopereka za alimi a chimanga, mtedza, thonje ndi mpendadzuwa, kotero kuti chaka cha chilala nyumba ya abusa nayo imagona ndi njala. Mavuto amenewa amagwera mbusa aliyense, mwamuna kapena mkazi.

Koma mayi ali ndi mtolo wina pamwamba pa umenewu. Kuyambira masiku a amishoni, mpingo unazolowera kulandira anthu awiri pa malipiro a munthu mmodzi: abusa ndi akazi awo, amene timawatcha amayi abusa. Bambo akapita kukalalikira, amayi abusa ankaphikira alendo, ankasamala ana, ankatsogoleranso Chigwirizano. Nanga mbusa akakhala mayi, ntchito ya amayi abusa aigwira ndani? Kawirikawiri anthu amayembekeza kuti yemweyo agwire zonse ziwiri. Akachoka kumanda kumene walalikira, amafikira ku mtondo ndi ku mphika. Ngakhale dzina lenilenilo limasokoneza, pakuti mlendo akamva kuti awa ndi amayi abusa amayamba kufunsa kuti abusa eni ake ali kuti.

Pali zinanso. Mayi akakhala wosakwatiwa, anthu amamunena. Akakhala wokwatiwa, amafunsa ngati mwamuna wake angasiye ntchito ndi munda wake n'kumutsata akasamutsidwa. Mbusa wamwamuna akalakwitsa, anthu amati wakutiwakuti walakwa. Mbusa wamkazi akalakwitsa, amati akazi sangathe. Ndipo popeza abusa aakazi ndi ochepa, pa msonkhano wa abusa mayi angathe kupezeka ali yekha pakati pa amuna, wopanda mnzake womuuza zakukhosi.

Zimene zathandiza

Mbiri yomweyi ikutionetsanso zinthu zimene zathandiza amayi kulimba ndi kukula.

Choyamba ndi maphunziro. Palibe mayi amene anafika ku sukulu ya ubusa popanda kuyamba wakhala pa benchi la sukulu ya pulaimale. Mtsikana amene wasiya sukulu chifukwa cha ukwati wa ubwana watsekeredwa khomo la ubusa, la uphunzitsi ndi la unamwino pa tsiku limodzi. N'chifukwa chake mafumu, mipingo ndi boma akulimbana ndi maukwati otere ku Chigawo cha Kummawa. Ndipo maphunziro asathere pa kudzozedwa. Mayi amene apatsidwa mwayi wopitiriza kuphunzira ndiye amene mawa adzaphunzitsa abusa ena.

Chachiwiri ndi kugwirizana. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mu 1989 mayi Mercy Amba Oduyoye wa ku Ghana anaitana amayi ophunzira zaumulungu a mu Africa ku Accra, nayambitsa bungwe lotchedwa Circle of Concerned African Women Theologians. Cholinga chake chinali chakuti amayi azifufuza ndi kulemba okha za moyo wawo mu mpingo, ndi kuti achikulire azilera achichepere pa ntchitoyi. Mmodzi mwa amene anatsogolerapo bungweli ndi mayi Isabel Apawo Phiri wa ku Malawi, amene mu 1997 anatulutsa buku lofotokoza mbiri ya amayi a Chichewa pa zachipembedzo, kuyambira nthawi ya Makewana kufikira nthawi ya Chigwirizano. Bungwe la mipingo ya pa dziko lonse nalonso linapatula zaka khumi, kuyambira 1988 mpaka 1998, kuti mipingo iime pamodzi ndi amayi, ndipo zakazo zinatsekedwa ku Harare. Mfundo yake ndi yomwe ija ya Chigwirizano cha kumudzi: amayi akakumana n'kuuzana mavuto, mtolo umapepuka.

Chachitatu ndi kupatsidwa udindo weniweni. Munthu saphunzira kupalasa njinga poyang'ana anzake. Abusa Sampa-Bredt ndi abusa Kabonde anakula mu utsogoleri chifukwa mipingo inawakhulupirira ndi maudindo aakulu. Chimodzimodzinso mu 2012 mayi Ellinah Wamukoya wa ku Swaziland, dziko limene tsopano ndi Eswatini, anakhala bishopu woyamba wamkazi wa Anglican mu Africa. Mayi akangoikidwa pa ntchito za ana ndi za amayi zokha, osafika kumene chuma ndi malamulo a mpingo zimakambidwa, mphatso zake zimafota.

Chachinayi ndi chisamaliro cha tsiku ndi tsiku, ndipo chimenechi chili m'manja mwa mpingo wa pamudzi. Mbusa ndi munthu. Amadwala, amatopa, amabereka, amafedwa. Mpingo umene umapereka thandizo lake pa nthawi yake, umene umakonza denga la nyumba ya abusa mvula isanagwe, umene umamulola kupuma akabereka mwana, ndi umene akulu ake amagawana naye maulendo a ku maliro, ndiwo umene udzakhala ndi mbusa wamphamvu. Nayenso bambo wa pa nyumbapo akamathandiza kulera ana ndi kulandira alendo, osachita manyazi ndi zonena za anthu, amakhala akutumikira mpingo wonse.

Mawu kwa aphunzitsi ndi ana

Ana inu, mbiri imene mwamvayi siinalembedwe yonse. Mayina a amishoni ndi a abusa aamuna ali m'mabuku, koma mayina a amayi amene anayambitsa Chigwirizano m'mudzi mwanu, a alangizi amene analanga amayi anu, ndi a iwo amene anayenda mitunda pansi kukayendera odwala ali m'mitu ya agogo anu basi. Agogowo akapita, mayinawo apita nawo.

Choncho aphunzitsi, tikupemphani kuti phunziroli lisathere m'kalasi. Tumani ana awiriawiri kwa mayi wachikulire wa mpingo uliwonse umene uli pafupi ndi sukulu yanu. Akapereke moni mwaulemu, akakhale pansi, ndipo akafunse kuti: Kodi munalowa liti m'bungwe la amayi? Anakuphunzitsani ndani? Ndi ntchito ziti zimene munkaloledwa kugwira, nanga ndi ziti zimene munkaletsedwa? Ngati m'dera lanu muli mbusa wamkazi, mupempheni adzacheze ndi kalasi, ndipo ana amufunse za ulendo wake wa sukulu ndi za anthu amene anamugwira dzanja. Zimene ana apeza azilembe m'kabuku kamodzi ka sukulu, pamodzi ndi zaka zake. Pa phunziro la masamu angathenso kujambula mzere wa zaka, kuyambira 1899 mpaka chaka chino, n'kuikapo zochitika zimene tatchula.

Chotsiriza, yang'anani m'kalasi mwanu momwemo. Posankha wotsogolera pemphero la mmawa, woyang'anira kalasi kapena wolankhula pa tsiku la makolo, kodi atsikana amapatsidwa mpata wofanana ndi anyamata? Nanga mtsikana akaimirira n'kulakwitsa mawu, anyamata amaseka kapena amamulimbikitsa?

Tidzakumananso pa phunziro lotsatira. Tsalani bwino.